Fobiya, Mkazi Wamkulu wa a Dento

Ndinayambitsa ndine, ana inu, musamve za wina. Atsibweni a Gidiyoni amati inali mphekesera ya pamsika, amayi amati anali Satana, koma Satana tsiku limenelo anali kwina. Ndinali ine ndekha, Fatsani, agogo anu, ndipo atati andibwezere m'mbuyo ndikhoza kuchitanso, mwina n'kuthirako kamchere.

Iwe Tadala, ukuseka chiyani? Agogo ako aakazi ndi mwana wa amayi anga aakulu, ndiye kuti ndi achemwali anga. Tsono mlongo wa agogo ako umamuitana kuti chiyani? Zoti ndili Fomu 4 ndipo ndevu zanga zikadali m'njira, mwambo sufunsa zimenezo. Umboni ndili nawo m'kamwa muno. Taonani apa, pambali. Mwauona mpatawo? Munaonapo mnyamata wamba ali ndi mpata wotere? Khalani pansi tsono, ndikuuzeni mmene ndinaupezera. Pilirani, chotsa chala m'kamwa, nkhani yake ndi yomweyo.

Nthawi yathu ife, kalekale ndili Fomu 2, dziko silinali chonchi. Foni pakhomo pano inali imodzi, ya mabatani, yomangidwa ndi mphira, ndipo kuti idye moto inkapita kwa ometa pa Mitundu n'kukagona komweko ngati mlendo. Inu lero mumalira katuni akangoima pang'ono. Mano tinkatsuka ndi kamtengo kotafuna kunsonga, ukafuna awale umawonjeza khala lopera ndi mchere. Dzino la ubwana likayamba kugwedera, palibe ankapalasa njinga kupita kuchipatala. Ankalimanga ulusi, n'kukufunsa kuti kodi mbalame ili apoyo ndi yanji, iwe potembenuka dzino lapita. Ukatero umaliponya padenga, n'kumayenda utatseka pakamwa kuti khwangwala asaone mpata, poti akauona lina silimera. Ine langa loyamba ndinaliponya ndi mphamvu zonse, linadumpha denga n'kukagwera m'ndowa ya thobwa ya oyandikana nafe. Mpaka lero sadziwa, ndipo inu simunamve kanthu.

Wozula wa pamtundu pathu anali atsibweni a Gidiyoni, mlongo wawo wa amayi, poti ndi telala ndipo ulusi anali nawo wa mitundu yonse. Mumawadziwa, aja amakhala pakhonde la sitolo kumsika, tepi ili m'khosi. Sizasi ali nayo, koma ulusi amadula ndi mano, akuti sizasi imachedwetsa ntchito. Munthu ameneyu anazula mano a ana a mudzi wonse osaphethira, koma ukangotchula za dokotala wa mano, ankayamba kusoka mokhota. Akuti ali mnyamata, dzino litawavuta, anapita kwa mkulu wina wokonza njinga cha ku Diamphwe, amene masiku a msika ankazulanso mano. Mkuluyo anatenga pulayazi yomweyo ya masipoko, anakoka, n'kutulutsa dzino labwinobwino, lodwalalo n'kutsala likuseka. Kuyambira pamenepo atsibweni ankati onse okhudza mano a anzawo ndi mtundu umodzi, kaya wavala ovolosi kaya wavala gauni loyera.

"Munthu wabwinobwino," ankatero, "angasankhe bwanji ntchito yosuzumira m'kamwa mwa anzake? Ameneyo chilipo chimene akufuna. Nanga mano onse amazulawo amapita nawo kuti? Ine ndine telala, mabatani ena ndikawayang'ana ndimakayika."

Ndiye tangoganizani mmene zinalili achemwali anga a Esinati, amene ndinapondana nawo, atabwera ndi nkhani yoti apeza mwamuna, ndipo mwamunayo ndi wa mano kuchipatala.

Dzina lake lenileni ndi Alifeyo, kwawo cha ku Nkhoma, koma dzinalo palibe ankaligwiritsa ntchito. Anayamba wagwira ku Nathenje, kenaka anamusamutsira kuno, ndipo dzina loti a Dento anabwera nalo pamodzi ndi katundu. Munthu wofatsa, woyenera kutenga dzina langali. Koma anthu ankamuzemba ngati wa msonkho. Kutchalitchi benchi imene wakhala iye, nyimbo ankaimba ndi mphuno. Tsiku limene anafika koyamba kudzaonekera, pakhomo pano panali ngati pagwa zovuta. Amayi ankayankha moni dzanja lili pakamwa. Atsibweni ankalankhula milomo ili chitsekere, poti nthawi imeneyo dzino lawo lakale lija linali litadzukanso. Ngakhale galu wathu sanayasamule.

Ine ndinalibe naye chifukwa, kufikira pamene anatsegula chikwama. Mlamu wanzeru amabweretsa mabisiketi, kapena kabotolo ka zoziziritsa kukhosi. Uyu anatulutsa miswachi, aliyense wake, aliyense mtundu wake. Ndinaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunandigulitsa, chifukwa anangoponya diso kamodzi, n'kunena mwaulemu, "Alamu, lakumanzerelo lili ndi bowo. Mubwere Lolemba tidzalione."

Bowolo ndinkalidziwa. Ndinali nditalibisa ndi lilime kuyambira ndili Fomu 1, ndikutafunira mbali imodzi ngati mbuzi. Tsiku lomwelo amayi analetsa maswiti, n'kuyamba kundikumbutsa za Lolemba. Ine Lolemba lililonse ndinkakhala ndi mayeso. Sukulu yathu sinalembetsepo mayeso ambiri ngati chaka chimenecho.

Mawu amene anayambitsa zonsezi anabwera m'nyengo yokumba mtedza. Mphunzitsi wathu wa Chingerezi, a Mhango, anali munthu wokonda mawu aatali ngati njanji. Tsiku limenelo analemba pabolodi mayina a mantha osiyanasiyana, poti azungu mantha alionse anawapatsa dzina lake, a madzi, a kangaude, a malo okwera. Ife kuno mantha ndi mantha basi, umangothawa. Kenaka analemba lakuti dentofobiya. Anati amenewa ndi mantha oopa dokotala wa mano, ndipo ena amafika pomuda kumene munthuyo asanawalakwire kanthu. Pofuna kuti timvetse, anadula mawuwo pakati ndi choko.

"Awa ndi awiri," anatero a Mhango. "Uyu ndi Dento, uyu ndi Fobiya. Anakumana kalekale, anakwatirana, ndipo sasiyana. Ukaona Dento, dziwa kuti Fobiya ali pafupi."

Anzanga analemba m'makope. Ine ndinangoyang'ana kudenga n'kuthokoza.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi, achemwali a Esinati ndi atsibweni ali pamkeka akuthothola mtedza. Atsibweni tsaya linali litayamba kukwera. Anali atayesa zonse, mchere, adyo, fodya, ngakhale kachasu, amene ankati akungovumata koma ankamezeka mwangozi nthawi zonse. Ndinakhala pansi, ndinathothola pang'ono kuti ndioneke munthu, kenaka ndinati, "Lero kusukulu atiphunzitsa za a Dento."

"Kusukulu?" anatero achemwali. "Alowa m'mabuku?"

"Iwo ndi a Fobiya."

"Fobiya ndiye ndani?"

"Kaya. A Mhango angoti anakwatirana kalekale, ndipo sasiyana. Ati ukaona a Dento, dziwa kuti a Fobiya ali pafupi."

Onani bwino, ana inu, chifukwa phunziro lili pamenepa. Bodza sindinanene ngakhale limodzi. Ndinangowonjezera ka "a" ka ulemu, monga mwana woleredwa bwino.

Mtedza unagwa m'manja mwa achemwali. Amayi anafunsa ngati aphunzitsiwo ananena zimenezo pagulu. Ndinati kalasi yonse yalemba, ndipo zidzabwera pamayeso. Koma atsibweni, abale inu, nkhope inawala mbali imene sinatupe.

"Ndinanena ine," anatero. "Munthu wozolowera kuzula apa n'kukazula apo angakhale ndi nyumba imodzi? Mlongo wanga, mwanayu akanalowa mitala asakudziwa."

Achemwali anati awaimbire a Dento awafunse, koma foni inali kwa ometa ikudya moto. Atsibweni anati ndi bwino kuti ili komweko, mwamuna ukamufunsa amakana, choyamba ndi umboni. Pofika tsiku la msika nkhani inali itazungulira Mitundu yonse, ndipo inali itanenepa. Fobiya anali wamtali, woyera, wa ku Nathenje, wogulitsa kaunjika. Mayi wina wa tomato anati anaphunzira naye pulayimale, ndipo anali wamwano kuyambira kale. Ine amene ndinamubereka ndinayamba kumva za iye zinthu zimene sindinkazidziwa.

Tsono atsibweni ndiwo anali ankhoswe a achemwali. Mawu awo ndi amene akanamanga kapena kumasula ukwatiwo, ndipo akuchimuna anali atanena kale tsiku lobwera kudzamanga chinkhoswe. Choncho anati apita ku Nathenje akamuone Fobiyayo ndi maso awo. Ananditenga ine, akuti ndine wa sukulu, mwina mkaziyo amalankhula Chingerezi.

Masiku ano mumangokwera njinga yamoto, fumbi lisanakhale pansi mwafika. Ife tinayenda pa njinga ya atsibweni, yakale ija imene buleki yake ndi chidendene, kudutsa njira za m'midzi. Ine ndinkapalasa, iwo ali pakaliyala atamanga mpango kuzungulira chibwano ngati mtolo wa fodya. Pa bampu iliyonse ankabuula n'kutukwana a Dento, ngati kuti a Dento ndi amene anakumba msewuwo. Ndinawauza kuti mwina tingobwerera, koma anati choonadi sachibwerera panjira. Ine mumtima ndinkati tikafunsa, tikamusowa, tibwerako, nkhani n'kufa yokha. Sindinadziwe kuti mwana wopulupudza amayenda ndi mwayi wake.

Pa Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu pamene amayi amayala tomato ndi kabichi, atsibweni anaimitsa wogulitsa mazira owiritsa. Ndi tsaya lija, mawu ankatuluka ngati akudutsa m'phala.

"Kuno kuli mayi wotchedwa Fofiya?"

"A Sofiya? Si awo apo, a mandasiwo."

Atsibweni ananditsina. "Wasinthako dzina kuti asadziwike," ananong'ona.

A Sofiya sanali aatali, sanalinso oyera. Anali mayi wamkulu, msinkhu wa amayi athu, wathupi lake, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Atsibweni anadabwa pang'ono, koma anati amuna ena amatsata mandasi. Anavula chipewa, anakhala panjerwa, maso pansi monga achitira munthu waulemu polankhula ndi mkazi wa mwini. Akanangokweza maso n'kuyang'ana m'kamwa mwa mayiyo, ulendo ukanathera pomwepo.

"Pepani mayi, tabwera ndi kafunso. A Dento mumawadziwa?"

A Sofiya anayang'ana mpango uja ndi tsaya lija, n'kuganiza kuti munthuyu akufufuza kaye asanapite kukazulitsa.

"Mnyamata anasamukira ku Mitundu uja? Ndingamuiwale bwanji? Manja ofewa ngati thonje. Ine poyamba ndinkaopa, koma anandinyengerera mpaka ndinalola."

Atsibweni anapitiriza, maso ali pansi. "Ndiye inu muli nawo angati?"

"Aa, bambo, ndani amawerenga? Kale analipo ambiri, oyera bwino, anthu ankachita kuyamikira. Ena anapita okha. Awiri aakulu anatenga iyeyo."

"Anatenga?"

"Anatenga, anati akundizunza. Sindinawaonenso. Otsalawa anati ndiziwasamala ndekha, m'mawa ndi madzulo, ndisawazoloweze shuga. Ine wa mandasi, shuga ndingamuthawe bwanji?"

Inu a Sitandade 5 munaphunzira kale magulu a mayina. Ana awiri, mano awiri. Ana anga, mano anga. Ana ena, mano ena. Chichewa chathu chinandigwirira ntchito tsiku limenelo kuposa loya. Ndinali chiimire kuseri kwa njinga, ndikuluma kolala ya shati, ndikupemphera kuti mayiyo asatchule za limodzi, poti akanangoti "lina" pamene atsibweni ankayembekeza "wina", zanga zikanada.

"Nanga otsalawo ali bwanji?" anafunsa atsibweni.

"Akugwedera, bambo. Awiri akutsogolo ndiye sakundigonetsa tulo. Mukamuona mukamuuze kuti Sofiya akumudikira. Chichokere sanabwerenso kudzandiona."

Atsibweni anapukuta msozi ndi nsonga ya mpango. Anawauza a Sofiya kuti Loweruka adzatumiza njinga yamoto idzawatenge, adzaonane naye maso ndi maso. A Sofiya anawadalitsa mpaka kwa zidzukulu. Kenaka atsibweni, chifukwa cha chisoni, anagula mandasi ambiri oti iwo sakanatha kutafuna. Ndinadya ndine, njira yonse, mbali imodzi.

Apa ndinene, kuti musamati agogo anu alibe mtima. Titafika n'kufotokoza, achemwali sanalire mokweza. Analowa m'nyumba, anatenga chitenje ndi nsapato zimene a Dento anawapatsa ngati chikole, anazikulunga bwinobwino n'kuziika pamwamba pa kabati kuti zidzabwerere kwa mwini wake. Sabata imeneyo ankalawirira kudimba okha, kubwera dzuwa litapendeka, osaimba, chonsecho ndi munthu woti ngakhale potsuka mbale amaimba. Tsiku lina ndinawatsatira kuti ndikaulule. Ndinafika, ndinatsegula pakamwa, kamphepo kozizira n'kulowa m'bowo muja. Ndinakumbukira Lolemba. Ndinawafunsa ngati mpiru wakula, n'kubwerera.

Loweruka masana akuchimuna anafika, a Dento ndi atsibweni awo, mkulu wa mpingo wovala jekete lakuda ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Iwo ankadziwa kuti akudzamanga chinkhoswe. Anapeza mipando pansi pa mango, nkhope zouma, ndi kamtolo ka chikole kali pakati ngati mbuzi ya mlandu. Oyandikana nafe onse anali atapeza zifukwa zodutsira pakhomo pathu. Wina anabwera kudzapala moto atanyamula machesi m'manja.

Atsibweni a Gidiyoni anaimirira, tsaya ngati papaya.

"Ife kuno sitidana ndi munthu," anayamba motero. "Ntchito iliyonse ndi ntchito, ngakhale zina n'zodabwitsa. Koma mwana wathu sitingamupereke kwa munthu amene anasiya mkazi ku Nathenje, n'kumulanda ana awiri aakulu, otsalawo akugwedera ndi njala."

Mkulu wa jekete anatembenuka pang'onopang'ono. "Alifeyo, n'zoona zimenezi?"

"Atsibweni, ine ku Nathenje ndinasiyako matiresi basi."

"Tiona," anatero atsibweni athu, poti njinga yamoto inali ikumveka kale kumsewu.

A Sofiya anatsika atavala chitenje chatsopano, beseni la mandasi m'manja, poti bizinesi sakanaisiya. Atangowaona a Dento anatula beseni, anadutsa pakati pa ankhoswe osapereka moni, anagwada patsogolo pawo n'kuyasamula mpaka kumapeto.

"Adokotala, munandithawa. Taonani awiriwa. Gwedezani nokha mumve."

A Dento, poti ntchito ili m'magazi, anapendeketsa mutu n'kusuzumira. "Mayi Sofiya, paja ndinakuuzani za shuga."

Amayi anafunsa ndi kamawu kakang'ono, "Kodi ana aja ndi amenewa?"

"Ana ati? Ine ana anga ali ku Joni, ndipo bambo awo ali moyo, amakhoma zidebe. Mukufuna mundithetsere banja?"

"Koma inu si a Fobiya?" anayesabe atsibweni.

"Sofiya, bambo. So. Tsayalo lakutsekani ndi makutu omwe?"

A Dento atamva dzina loti Fobiya, mapewa anayamba kugwedezeka ndi phwete. Anafunsa mwaulemu kuti dzinalo linachokera kuti. Mitu yonse inatembenuka pamodzi, ngati nkhuku zikamva chimanga. Ine ndinali nditayamba kale kuyenda cham'mbuyo kulowera kukhola, koma amayi anandigwira lamba.

Anandiimika pakati. Ndinanena zonse monga ananenera a Mhango, ndi mawu awo omwe, mpaka kudula m'mwamba ndi chala ngati choko. A Dento anamasulira kuti dento ndi za mano, fobiya ndi mantha, basi. Anati mawuwo amanena za munthu woopa wa mano mpaka kumuda.

"Ndiye kuti Fobiyayo kulibe?" anafunsa amayi.

"Alipo, amayi," anayankha a Dento, maso ali pansi. "Aphunzitsiwo sananame. Kulikonse kumene ndapita ndimamupeza atafika kale."

"Ali kuti tsono?"

A Dento, poti ndi mkamwini, sakanaloza. Analoza ndi a Sofiya, ndi ndasi lili m'manja. "Si awa amanga mpangowa? Bambo inu, munavutitsa mwana kupalasa njinga mpaka ku Nathenje kufunafuna Fobiya, chonsecho Fobiyayo ndi amene anakhala pakaliyala."

Anthu anaseka osatseka pakamwa, koyamba chibwerere a Dento pakhomo pano. Wa machesi uja anachita kukhala pansi. Achemwali okha sanaseke. Anadzuka, anatenga kamtolo kaja n'kukabwezera m'nyumba, ndipo potuluka phazi limodzi linalibe patapata. Za patapatayo sindinena zambiri, inu mukudziwa mmene agogo anu a Esinati amaponyera. Chibadwire sanaphonyepo.

Koma mlandu sunathere pamenepo. Atsibweni, manyazi atawagwira, anauma khosi. Anati chabwino, mkazi kulibe, koma iwo sangavomere mkamwini amene ntchito yake sanaione ndi maso. Mkulu wa jekete anati n'zosavuta, tsaya ndi limenelo, Lolemba akaione ntchitoyo ali pampando. Atsibweni anayang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, maso awo n'kugwera pa ine.

"Ayambe uyu. Akatuluka wamoyo, ndikhalapo. Ndikadzukapo wamoyo, chinkhoswe chimangidwe."

Amayi anavomera ndisanapume n'komwe. Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo Lolemba limenelo mayeso kunalibe.

M'kachipinda muja munkanunkha mankhwala. Mpando wake ndi wogona chagada, wofewa kuposa bedi langa. Atsibweni anaima pakhomo, mwendo umodzi uli kunja. Achemwali anaima pawindo, manja m'chiuno. A Dento anavala magolovesi, anayang'ana bowo lija n'kupukusa mutu, anati tinachedwa nalo, lingochoka. Anaona mmene maso anga ankathawira kukhomo.

"Alamu," ananong'ona, "Fobiya weniweni ndamupeza. Koma sindiuza munthu."

Pamenepo ndinazindikira kuti ukwati wonse uli m'kamwa mwanga. Ndikanangokuwa kamodzi, atsibweni akanakapezeka ku Dzalanyama. Ndipo mtima unandiuza kuti kuwa, Fatsani, mwayi wotere subwera kawiri. Ndinakoka mpweya wambiri. Ndinayang'ana pawindo, n'kuona achemwali akuwerama, dzanja likupita kuphazi. Mpweya uja ndinautulutsa bwinobwino, kudzera m'mphuno.

Jakisoni analuma ngati linthumbu, mlomo unasanduka wa munthu wina, ndinamva kukoka, kenaka kaphokoso m'mbale. Ndinadzuka, thonje lili m'kamwa, n'kuwaonetsa atsibweni chala chachikulu.

Iwo asanakhale pampando anayamba atsanzika. Makina osokera anapatsa mwana wawo wamkulu, njinga anapatsa amayi, ine anati ndisapatsidwe ngakhale singano. Kenaka anagona, anatseka maso, anayasamula, zala zitagwira tepi ya m'khosi ija. Patapita kanthawi anatsegula diso limodzi.

"Muyamba liti?"

A Dento anawaonetsa dzino lili kale m'mbale.

Analitenga, analikulunga m'kansalu, ndipo atafika kwawo, munthu wa imvi zake, analiponya padenga. Sabata yonse akaona khwangwala ankatseka pakamwa. Pamsika mpaka lero amawaitana a Fobiya, ndipo amayankha. Ulusi akudulabe ndi mano, koma suti ya ukwati ya a Dento anasoka ndi iwo, yosakhota paliponse, ndipo mabatani ake anachita kusankha akuda.

Nanga ine? Ndinakhala masiku angapo osapita kusukulu, ndikudya phala la mpunga ndi nthochi zakupsa. Ankaphika ndi achemwali omwewo, uku akundinyoza uku akuwonjezera mkaka. A Mhango atamva nkhaniyi anandipatsa malikisi onse pa mawu aja, akuti chiyambire kuphunzitsa sanaonepo wophunzira wowagwiritsa ntchito m'chiganizo chochokera ku Mitundu mpaka ku Nathenje.

Ndipo taonani chimene ndinatsala nacho. Ululu unatha sabata yomweyo, mpata ndi uwu ulipobe. Kale mukandiitana kuti agogo anthu ankaseka, pano ndikangomwetulira amaona okha kuti munthuyu wadutsa m'zambiri. Chilango chotere, atati abwereze, ndikhoza kupereka lina.

Tsono Pilirani, tabwera kuno, tayasamula. Eya, ndimadziwa. Lakumanzerelo lili ndi bowo, ndipo alamu anga akubwera Loweruka. Usalire, sindiwauza. Maswiti ali m'thumba mwakowo bweretsa kuno, agogo akusungire. Mbali iyi ikadali yolimba.